Maji ndi Madzi

Mwezi wa Epulo ukafika kuno ku Garsfontein, kum'mawa kwa mzinda wa Pretoria, mitengo ya m'mbali mwa misewu imayamba kufiira masamba kenaka n'kuwayoyola. M'mawa kumazizira moti munthu amafuna juzi, koma dzuwa likafika paliwombo thukuta limatuluka ngati kwathu. Olankhula Chiafrikaans nyengoyi amaitcha herfs, pamene anzathu a Setswana amati letlhafula. Ophunzira anga akandifunsa dzina lake m'Chichewa ndimayamba ndakanda m'mutu, pakuti kwathu mitengo siyoyola masamba mu Epulo, imadikira chilimwe. Ndimawayankha kuti ife timati masika, nthawi imene mvula yaleka, chimanga chikuuma m'munda, maungu ndi mtedza zili mbwee pakhomo. Sindikhala kuti ndawanamiza, chifukwa liwu lija la herfs lidachokera ku kholo limodzi ndi liwu la Chingerezi lotanthauza kukolola. Iwo adaiwala zokolola n'kutsala ndi masamba, ife tidakali pa zokolola.

Kwa masika angapo tsopano ndakhala ndikuyala mapu a nyanja ya Malawi patebulo lodyera. Ulendo umene ndikuulingalira ndi wosavuta kuufotokoza. Ndikufuna kukakwera sitima ya Ilala ku Nkhotakota, kumene ndidabadwira, njinga ili m'manja, ndi kukatsika pa chilumba cha Likoma. Kuchoka apo ndidzawoloke pa boti kupita ku Cobue, m'dziko la Mozambique, kumene mapiri ake amaoneka bwinobwino munthu ali pa Likoma. Tsidyalo ndidzapalase njinga kulowera kummwera, kudzera m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja monga Ngoo ndi Chia, mpaka ku Messumba, kumpoto pang'ono kwa tauni ya Metangula. Pamapu mtunda wapanjingawo umakwana pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, koma masika akhala akubwera ndi kupita ine ndikadauyeza.

Ku Messumba ndiko kudabadwira mayi anga. Iwo ankati Msumba, ndipo Cobue ankati Kobwe. Nkhondo ya FRELIMO yolimbana ndi Apwitikizi itayamba mu Sepitembala 1964, chigawo cha Niassa chidali chimodzi mwa zigawo zoyamba kumva kulira kwa mfuti, ndipo anthu ambiri a m'mbali mwa nyanja adathawira ku Likoma. Mayi adathawa nawo mu 1965 akadali namwali. Ankayenda usiku, masana n'kumabisala m'tchire, mpaka adapeza bwato. Mng'ono wawo adatsala ndi agogo. Pambuyo pake mayi adakwatiwa ku Nkhotakota, ndipo kufikira tsiku limene adatisiya, mu 2021, sadapondenso kwawo. Nkhondo yoyamba itatha padabuka ina, yapachiweniweni, imene idatha mu 1992. Mtendere utadza padalibe ndalama, ndipo ndalama zitapezeka miyendo yawo idali itakana. Ndalamazo zidali zanga, ndipo ndidachedwa nazo.

Mayi sankati madzi, ankati maji. Sankati dzina, ankati jina. Pamene ife tinkati tsopano, iwo ankati chapano. Ine ndidakula m'zaka zimene mawu otere adali mlandu. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress udagamula kuti chilankhulo chimene chinkatchedwa Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndipo chikhale cha fuko lonse. Mu 1972 padakhazikitsidwa bungwe la Chichewa Board loti liziwongola kalembedwe ndi kalankhulidwe, ndipo wailesi ndi sukulu zidagwira ntchitoyo mwakhama. Ndili mu Sitandade 4 ndidalemba maji m'chimangirizo. Aphunzitsi adawerenga chiganizo changa mokweza, kalasi yonse n'kufa nacho chikhakhali. Madzulo ake ndidapeza mayi akutsuka mbale, ndipo atandituma kuti ndiwapatsire maji ndidawauza kuti liwulo n'lolakwa, aphunzitsi atero. Adandiyang'ana kanthawi, kenaka adati, "Iwe uzimwa madzi ako akusukuluwo, ine ndizimwa maji anga. Ludzu ndi lomwelo." Sadakwiye. Koma kuyambira tsikulo, pakakhala alendo, ndidaona kuti ankalizemba liwulo n'kumangoti "akumwa".

Padatenga zaka zambiri, ndi madigiri atatu, kuti ndimvetse chimene ndidachita. Mayi sankapotoza Chichewa. Ankalankhula Chinyanja cha kunyanja, chimene chili ndi malamulo ake osasokonekera: pamene ife tili ndi dz, m'mawu ambiri iwo ali ndi j, ndipo pamene ife tili ndi ts, iwo ali ndi ch. Atumbuka ndi Atonga nawonso amati maji, chimodzimodzi Aswahili. Kalankhulidwe kameneka kadalembedwa kale. Herbert Barnes wa mishoni ya UMCA adasindikiza mndandanda wa mawu ake mu 1902, patangopita zaka khumi David Clement Scott atatulutsa mtanthauziramawu wake wa Chimang'anja ku mishoni ya Blantyre. William Percival Johnson ndi anzake adamasulira Baibulo lonse m'kalankhulidwe ka ku Likoma, ndipo lidatuluka mu 1912, zaka khumi Buku Lopatulika lisanatuluke. Dzina lenileni lakuti Chinyanja limaloza kunyanja, kwao kwa mayi anga. Zonsezi ndimaziphunzitsa chaka ndi chaka kwa ana a eni, ndipo ndimaziphunzitsa bwino. Kwa mayi sindidazinenepo. Ndinkati ndidzawauza tsiku lina titakhala pansi bwino.

Mu 2024, chaka chimene nyanja idakwera kwambiri n'kumiza magombe, ndidalandira uthenga wa mawu pa WhatsApp kuchokera ku nambala ya ku Mozambique. Adali mwana wa mayi aang'ono, amene pa chibale chathu ndi mng'ono wanga ngakhale sitidaonanepo. Nambala yanga adaipeza kudzera mwa anthu a tchalitchi. Atapereka moni adapereka foni kwa mayi ake. Mawu a nkhalamba adamveka, onjenjemera koma olongosoka, akufotokoza kuti maji alowa m'dimba ndipo adya chinangwa chonse. Potsiriza adati, "Mwana wa akulu anga, bwera ndidzakuone maso akadaona." Uthengawo ndi wa mphindi imodzi ndi theka. Ndidaumvera ndili m'galimoto pamalo oimikapo magalimoto ku Menlyn, ndipo ndidakhala momwemo mpaka mdima. Adali mawu a mayi anga enieni, kakwezedwe ndi katsitsidwe komwe.

Mayi a kunyumba, amene ndi namwino, sadatsutse zoti ndipite. Chimene akhala akutsutsa ndi njira. "Bambo," adatero tsiku lina akusuntha mapu kuti ayike mbale, "ngati nkhani ndi yokaona mayi aang'ono, ndege ilipo. Mukwere pa OR Tambo, mudzere ku Maputo, mukatsike ku Lichinga, mupeze galimoto yotsikira kunyanja. Masiku awiri mwafika. Nanga sitima ndi njingazi n'zachiyani? Muli ndi zaka 54, ndipo m'mawa uliwonse mumamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi." Adandikumbutsanso chinthu chimene ife okhala kunja sitikonda kuchimva. Ku Pretoria kulibe malungo, ndipo thupi la munthu wokulira kunyanja likakhala zaka zambiri osalumidwa ndi udzudzu wa malungo limataya mphamvu imene lidali nayo yolimbana ndi matendawa. Ine ndakhala kuno kuyambira 2006. "Udzudzu wa kwanu sukudziwaninso," adatero. "Ukakulandirani ngati mzungu."

Mfundo zawo n'zolemera, ndipo ine ndikhoza kuwonjezerapo zina. Ilala ndi nkhalamba. Idapangidwa mu 1949 ndi kampani ya Yarrow ku Glasgow, m'dziko la Scotland, n'kubwera m'zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique, ndipo idalumikizidwa kunyanja konkuno n'kuyamba ntchito mu 1951. Dzina idatengera kwa Ilala yoyamba, imene amishoni a Livingstonia adafika nayo panyanja mu 1875, ndipo iyonso idatengera dera la Ilala, ku Zambia wa lero, kumene David Livingstone adamwalira mu 1873. Sitima yoposa zaka 70 imadwaladwala, ndipo ikalowa kokonzedwa anthu a m'zilumba amadikira. Ngakhale ikhale ikuyenda, nthawi imene yalembedwa papepala ndi nthawi imene imafika padoko ndi zinthu ziwiri zosiyana. Pamene ndidaikwera komaliza, mu 1994, idaima kutali ndi gombe la Nkhotakota, ndipo tidayamba tayenda m'madzi ofika m'chiuno, katundu ali pamutu, kuti tikakwere maboti otipititsa kusitimako. Nthawi imeneyo ndidali mnyamata ndipo ndidaseka. Tsopano ndiyenera kuganiza za mawondo, ndi za njinga yonyamula pamutu.

Palinso mwera. Mphepo imeneyi imachokera kummwera chakum'mawa, imayamba kuwomba cha mu Meyi ndipo imakula mphamvu m'miyezi yachisanu. Aliyense wobadwira kunyanja amaidziwa ndipo amaiopa. Pa 30 Julayi 1946 sitima ya Vipya idamira kumpoto kwa nyanja pa namondwe, anthu 145 n'kutsikira kulichete. Bishopu Chauncy Maples wa ku Likoma adamira mu 1895 bwato lake litagubuduzika, asanakhale n'komwe pampando wake. Nyanja imene penapake imazama mamita pafupifupi 700 siseweretsa munthu. N'chifukwa chake ulendowu uli ndi khomo lopapatiza. Ukapita Epulo asanathe theka, njira za tsidya lija zimakhala zidakali matope ndipo timitsinje totsika m'mapiri timakhala todzaza. Ukachedwa mpaka Juni, mwera wakupeza pa boti laling'ono pakati pa Likoma ndi Cobue. Otsala ndi masabata ochepa a masika, amene amagwanso pakati penipeni pa chigawo cha maphunziro, pamene ophunzira akulemba mayeso a pakati ndipo mkulu wa dipatimenti safuna kumva za tchuthi.

Amene adandiseka kwambiri si mayi a kunyumba. Ndi mnyamata wa ku Mangochi amene amatithandiza kusamala pabwalo Loweruka lililonse. Iye amabwera pa njinga kuchokera ku Mamelodi, dzinja ndi chisanu chomwe, monga amachitira Amalawi ambiri ogwira ntchito m'makomo a kuno. Adandipeza m'galaja ndikupukuta njinga yanga ya magiya ambirimbiri, imene ndidagula dokotala atandiuza kuti ndichepetse thupi. Nditamufotokozera za ulendo adaika fosholo pansi. "Adokotala, galimoto ziwiri zili apa, inu mukufuna mukavutike ndi njinga? Kumudzi akakuonani akati ku Joni kwakukanikani." Kenaka adainyamula njingayo ndi dzanja limodzi, n'kupukusa mutu. "Iyi ndi yothamangira pa tara. Ilibe kaliyala. Ikathyoka sipoko kumeneko simukapeza wokonza. Ngati mwatsimikiza, mukagule ya Buffalo kumudzi konko, yonyamula thumba la chimanga. Pobwera mukawasiyire abale anuwo. Musakapite ndi njinga yongoonetsa."

Mawu akewo adandikumbutsa njinga ya bambo anga. Bambo adali mmodzi mwa anthu amene adapita ku migodi ya kuno kudzera ku Wenela. Ndege yonyamula anthu a m'migodi itagwa ku Francistown mu Epulo 1974, n'kupha Amalawi oposa 70, boma la Dr Banda lidaletsa kulemba anthu ntchito za ku Joni, ndipo amuna zikwizikwi adabwerera kumudzi. Bambo adafika mu 1975 ndi sutikesi yachitsulo, wailesi ndi njinga yakuda ya Humber. Njinga imeneyo idanyamula chimanga cha kuchigayo, usipa wa kumsika, mayi ali pakati kupita kuchipatala usiku, ndipo tsiku lina kabokosi ka mlongo wanga wakhanda. Palibe tsiku limene bambo adaikwera kuti akapitidwe mphepo. Kwathu njinga ndi khasu, ndipo amene amadyera kabaza m'matauni athu angachitire umboni. Munthu wa galimoto akayamba kupalasa njinga pofuna kusangalala, mpaka kuwoloka nayo nyanja, amafanana ndi wokhuta amene akusewera ndi nsima pamaso pa anjala. Manyazi amenewa ndidali nawo mumtima osawatchula, ndipo mnyamata uja adawatchula, n'kundipatsanso mankhwala ake.

Nanga bwanji osangokwera ndege? Yankho loyamba ndi la ntchito yanga. Ife a maphunziro a zilankhulo timajambula mizere pamapu n'kumati kuno amati madzi, uko amati maji, ngati kuti pali mpanda. Pansi palibe mpanda wotere. Mawu amasintha pang'onopang'ono, mudzi ndi mudzi, ndipo nthawi zina m'khomo limodzi agogo amanena china, mdzukulu wopita kusukulu china. Tsidya lija mdzukuluyo amasakaniza ndi Chipwitikizi, tsidya lino ndi Chingerezi. Wokwera ndege sangazimve zimenezi, pakuti amanyamuka m'chilankhulo china n'kutera m'china ngati wopotokola wailesi. Wa galimoto amatseka mawindo poopa fumbi. Koma m'sitima, makamaka m'chipinda chapansi mmene anthu amakhalira pa matumba a ufa ndi madengu a nsomba, munthu amakhala usiku wonse pakati pa Chichewa, Chitonga, Chiyao ndi Chinyanja cha m'zilumba. Ndipo wapanjinga sangadutse mudzi osapereka moni. Amafunsa njira, amapempha pogona, ndipo koposa zonse amapempha akumwa kangapo pa tsiku. Palibe njira ina yofufuzira liwu limeneli yoposa kukhala ndi ludzu lenileni.

Yankho lachiwiri si la ntchito. Njira ya m'mbali mwa nyanja, kuchoka ku Messumba kulowera ku Cobue, ndi imene mayi adayenda usiku mu 1965. Ankatisimbira za miyala imene idawang'amba mapazi, za mwana wa mnzawo amene adamutseka pakamwa kuti asalire, za nyali za boti la asilikali zimene zinkasesa gombe. Ine ndikufuna kuiyenda mobwerera, masana, pa liwiro loti ndikhoza kuiona. Mozambique idalengeza mu 2015 kuti yamaliza kuchotsa mabomba okwirira pansi amene ankadziwika, choncho chimene chidawatsekera mayi njira kwa zaka zambiri sichingakhale chowiringula changa. Iwo adatuluka m'dziko lawo pa bwato ndi pa mapazi. Ndikaganiza zoti mwana wawo akalowemo kuchokera kumwamba, atavala jekete, n'kutsika m'galimoto pakhomo pa mng'ono wawo ngati nduna yoyendera chitukuko, mtima umakana.

Komabe ndiyenera kunena chilungamo, pakuti mayankho awiriwa ndawakonza bwino kwambiri moti ndayamba kuwakayikira. Mayi a kunyumba adandifunsa usiku wina funso limene lidandisowetsa tulo: "Kodi mukukonzekera ulendo, kapena mukukonzekera kuti musapite?" Adalasa pamene pali bala. Ulendo wovuta uli ndi ubwino umodzi kwa munthu wamantha, wakuti nthawi zonse pamapezeka chifukwa chouimitsira. Chaka chino sitima ikukonzedwa, chaka chamawa bondo likupweteka, chaka chinacho tchuthi chakanika. Akuluakulu adati zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo ine ndidalinda kale kamodzi, mpaka mayi adapita. Chimene ndikuopa si mwera kapena udzudzu. Ndikuopa kukhala pamphasa pamaso pa nkhalamba ija, n'kufunsidwa chifukwa chimene sindidabwere nawo akulu ake pamene adali moyo. Ndikuopanso kuti ndingakasandutse mayi aang'ono chitsanzo cha m'pepala lokawerenga kumsonkhano, pakuti kachipangizo kojambulira mawu ndi chishango chabwino kwa wophunzira amene safuna kulira pagulu.

Tidamvana motere. Ulendo ukhalepo masika ano, osati ena. Ndapempha tchuthi cha masabata atatu kuyambira sabata yomaliza ya Epulo, ndipo mnzanga wavomera kundigwirira makalasi. Dokotala wandipima mtima n'kundilembera mankhwala oteteza ku malungo, ndipo neti yalowa kale m'chikwama. Njinga ya magiya itsala m'galaja, ndikagula ina ku Malawi, yakaliyala, imene ikatsale ku Messumba. Mng'ono wanga adzandichingamira ku Cobue ndi njinga yake kuti tidzayende awiri, ndipo wandichenjeza kale kuti malo ena njinga ndi imene idzakwere ife. Ilala ikadzapezeka kuti siikuyenda sabata imeneyo, sindidzabwerera kuno kukadikira chaka china, ndidzafuna chombo china chopita ku Likoma. Ndipo uthenga ukabwera nthawi ina iliyonse kuti mayi aang'ono sali bwino, mapu adzapindidwa ndipo ndidzakwera ndege tsiku lomwelo. Mfundo yotsirizayi adaiika ndi mayi a kunyumba, ndipo sindidatsutse.

Kachipangizo kojambulira mawu ndidzakatenga, pakuti kukasiya kungakhale kudzinamiza kuti ndasiya kukhala chimene ndili. Koma kadzakhala pansi pa chikwama mpaka mayi aang'ono atamaliza kundifunsa zonse zimene ali nazo, ndipo ndidzakatulutsa pokhapokha iwo atalola. Nditawafunsa pafoni chimene ndiwatengere, sadatchule shuga kapena chitenje, ngakhale ndidzatenga zonsezo. Adapempha chithunzi cha akulu awo ali okalamba, chifukwa amene amawakumbukira ndi namwali wa 1965. Ndasankha chimene tidajambula pa ubatizo wa mwana wathu woyamba. Ndidzatenganso buku lawo la mapemphero, lothothoka chikuto, limene adawoloka nalo nyanja litakulungidwa m'nsalu.

Pakali pano m'mawa uliwonse, dzuwa lisanatuluke, ndimapalasa m'misewu ya Garsfontein kulowera ku Moreleta Kloof, chikwama cha ufa wa makilogalamu 10 chili kumsana kuti thupi lizolowere katundu. Masamba ouma amalira pansi pa matayala, agalu a m'mipanda amauwa, ndipo anzanga othamanga atavala zothina amandipitirira n'kundiyang'ana modabwa. Pa chitunda china chimene chimandithetsa mpweya ndimatsika n'kumakankha. Pamenepo, poti palibe wondimva, ndimayeserera kupempha akumwa monga ankanenera mayi. Lilime limene laphunzitsa katchulidwe ka mawu kwa zaka zoposa 20 limalemera pa liwu la zilembo zinayi, ndipo limatulukabe ngati la mlendo. Kwatsala masabata atatu kuti ndilizoloweretse.